Kusamukira Mumzinda Kukadzala Mpingo Popanda Kuzimitsa Pemphero la Pakhomo

Mabanja ambiri opita mumzinda kukayambitsa mpingo amadziwa kupempherera ulendo. Amasala kudya, amasanjikidwa manja, amanyamuka ndi nyimbo. Chimene chimawakanika ndi kupemphera atafika. Sabata yoyamba Baibulo lili m'katoni yomwe palibe akuikumbukira, sabata yachiwiri bambo ali piringupiringu kufunafuna malo osonkhanira, mwezi wachitatu mwini nyumba wayamba kugogoda ndipo pemphero lotsala pakhomo ndi la chakudya lokha. Pofika miyezi 6 abusa akulalikira anthu ochepa Lamulungu, akazi awo akulirira kuchipinda, ana akufunsa tsiku lobwerera.

Malangizo ali m'munsiwa atsatana ndi nthawi, kuyambira maganizo osamuka akangobwera mpaka chaka choyamba mumzinda. Onse atsamira pa mfundo imodzi: mpingo woyamba umene mukadzale kumeneko ndi wa anthu ogona m'nyumba mwanu, ndipo umenewo ukafota wa panja sukhalitsa. Ndikulankhula ngati m'busa ndi bambo. Ngati kwanu ndi mayi, ingotembenuzani.

Zoti mukhale nazo musanayambe

- Baibulo la aliyense wodziwa kuwerenga. Liyende m'chikwama cha m'manja.
- Kope lolimba chikuto ndi cholembera. Limeneli ndi buku la mapemphero a banja, ndipo lizitchulidwa kawirikawiri m'munsimu.
- Mapu a mzindawo, makamaka a papepala oti mutha kulembapo ndi kupachika pakhoma.
- Kalendala ya pakhoma.
- Mayina ndi manambala a foni a anthu opembedzera, kuyambira 5 mpaka 12.
- M'busa wachikulire mmodzi amene angakudzudzuleni osaopa nkhope yanu.
- Kalata yochokera kumpingo umene ukukutumani.
- Ndalama za lendi ndi chakudya za miyezi 3, padera pa zolipira galimoto yonyamula katundu.
- Makalata osamutsira ana sukulu, mabuku a kuchipatala ndi ziphaso, zonse mu envulopu imodzi.
- Luso kapena ntchito imene ingakudyetseni mpingo usanathe kukuthandizani.

MUSANANYAMUKE

1. Yesani maitanidwe muli awiri

Maitanidwe kawirikawiri amayambira mwa munthu mmodzi. Vuto limabwera iyeyo akafika kwa mnzake ndi nkhani yotha kale: "Ambuye andiuza kuti tisamuke." Mawu amenewo amatseka pakamwa, chifukwa ndani angatsutsane ndi Ambuye? Mayi amagwedeza mutu, nkhawa zake n'kuzikwirira, ndipo zimadzafukuka tsiku limene ndalama zatha.

Gwirizanani nthawi yopempherera nkhaniyi, mwezi umodzi kapena itatu, ndipo pa nthawi yonseyo pasakhale wouza anthu akunja kupatula m'busa wokulangizani uja. Aliyense azipemphera payekha n'kumalemba zimene zikubwera mumtima: mavesi, mantha, mafunso. Kamodzi pa sabata, ana atagona, khalani pansi muwerengerane. Ayambe kulankhula ndi amene sanalandire masomphenyawo, ndipo winayo asamudule mawu.

Pa Machitidwe 16, Paulo ndi anzake analetsedwa kulalikira ku Asiya, anayesa Bituniya koma Mzimu sanawalole, kenako ku Trowa Paulo yekha anaona masomphenya a munthu wa ku Makedoniya. Komabe vesi 10 likusonyeza kuti gulu lonse ndi limene linatsimikiza kuti Mulungu wawaitana. Nayenso Nehemiya anamva za mabwinja a Yerusalemu m'mwezi wa Kisilevi, koma anadzatsegula pakamwa pamaso pa mfumu m'mwezi wa Nisani, patatha miyezi pafupifupi 4 akupemphera.

Chenjezo: mawu oti "kulikonse mungapite ndikutsatani" asakukwanireni. Funsani akazi anu chimene akuopa ndi chimene akusiya. Akanena kuti mtima sunavomere, dikirani, mzinda suthawa. Dzifunseninso mosabisa ngati mukupita kapena mukuthawa. Munthu amene wakangana ndi akulu ampingo, kapena amene ngongole zamuzinga, amamva "maitanidwe" mosavuta kwambiri.

2. Auzeni ana, ndipo muwapatse chopempherera

Ana ndiwo amalipira mtengo waukulu pa chiganizo chimene sanapange nawo: amasiya anzawo, aphunzitsi awo, agogo awo. Auzeni nokha nkhani ikangotsimikizika, asakaimvere kutchalitchi. Funsani aliyense mafunso awiri, chimene adzachisowe kwambiri ndi chimene akufuna Mulungu akamupatse kumeneko. Lembani mayankho m'kope muja, dzina la mwana ndi deti pambali. Mwana wa zaka 7 akapempha mnzake wosewera naye, pempho limenelo lilowe patsamba limodzi ndi la malo a tchalitchi, ndipo muzilipempherera mofanana. Tsiku limene adzabwere kunyumba akutchula dzina la mnzake watsopano, tsegulani kope mumuonetse pamene munalemba.

Chenjezo: musamuuze mwana kuti kulira ndi kusowa chikhulupiriro. Akulu ampingo a ku Efeso analira kwambiri potsanzikana ndi Paulo ku Mileto, ndipo anali atangomaliza kupemphera. Ngati pali mwana wa m'kalasi ya mayeso, sunthani tsiku la ulendo kuti chaka cha sukulu chithe kaye.

3. Musadzitume

Ku Antiokeya mpingo unasala kudya, unapemphera, unasanjika manja pa Barnaba ndi Saulo (yemwe ndi Paulo), n'kuwalola apite (Machitidwe 13:1-3). Atamaliza ulendowo anabwerera komweko kukafotokoza zimene Mulungu anachita. Kutumidwa kumatanthauza kuti pali anthu amene ali ndi ufulu wokufunsani.

Khalani pansi ndi akulu ampingo, mulembe papepala zinthu izi: amene azikuyang'anirani, thandizo la pamwezi ndi miyezi imene liziperekedwa, nthawi yotumiza lipoti, amene adzabwere kudzakuchezerani, ndi chimene chidzachitike ntchito ikapanda kuyenda. Mfundo yomalizayi anthu amaizemba poopa kuoneka osakhulupirira, chonsecho ndi imene imapulumutsa banja pamene manyazi akulikaniza kubwerera.

Chenjezo: malonjezo a pa tsiku lotsanzikana musawaike mu bajeti. Anthu amalonjeza ndi mtima wabwino misozi ili m'maso, koma "tili nanu limodzi" salipira lendi.

4. Werengani mtengo, kenako mupemphere ndi manambala

Yesu ananena za womanga nsanja amene amayamba wakhala pansi kuwerenga mtengo (Luka 14:28-30). Lembani lendi, dipoziti, madzi, magetsi, chakudya, fizi, mayendedwe, mankhwala. Mitengo yake funsani kwa munthu amene akukhala mumzindamo panopa. Phatikizani zonse, chotsani thandizo lolembedwa lija, ndipo chotsalacho ndi chimene muziika pamaso pa Mulungu ndi nambala yake. Nehemiya atafunsidwa ndi mfumu chimene akufuna, anapemphera mumtima, kenako anatchula nthawi imene adzakhale, makalata odutsira m'njira, ndi matabwa. Anali atawerenga kale pa miyezi ija ankapemphera.

Za ntchito ya manja, ine ndikuti igwireni ndipo musachite nayo manyazi. Ku Korinto Paulo ankasoka mahema pamodzi ndi Akula ndi Prisila, n'kumaphunzitsa m'sunagoge pa Sabata. Anadzipereka kwathunthu ku ulaliki Sila ndi Timoteo atafika kuchokera ku Makedoniya, ndipo pa 2 Akorinto 11:9 akunena kuti abale ochokera ku Makedoniya anamupatsa zimene ankasowa. Ntchito ilinso ndi phindu lina: imakukumanitsani ndi anthu a mumzindamo tsiku lililonse, pamene m'busa wongokhala pakhomo amatha mwezi osadziwana ndi aliyense.

Chenjezo: musatenge ngongole ya chiwongoladzanja mukudalira chopereka cha mpingo umene sunabadwe.

5. Sankhani opembedzera ochepa okhulupirika

Gulu la pa WhatsApp la anthu 200 limapereka ma "Amen" ambiri ndi mapemphero ochepa. Pemphani anthu anu aja mmodzimmodzi, ndipo aliyense atenge tsiku lake pa sabata. Kawiri pamwezi atumizireni uthenga waufupi wokhala ndi zopempha zitatu ndi yankho limodzi limene mwaona. Zopemphazo zikhale zogwirika. Paulo anapempha Akolose kuti apempherere khomo la mawu ndi kuti alankhule momveka (Akolose 4:3-4). Inu mutha kutchula sukulu ya mwana, chifuwa cha mayi, neba amene wayamba kufunsa mafunso.

Chenjezo: musabise pempho la ndalama m'kati mwa pempho la pemphero. Anthu amazindikira, ndipo amasiya kuwerenga mauthenga anu. Mukafuna thandizo la ndalama pemphani poyera kwa oyenera. Nkhani za m'banja zisalowe m'gulu. Zisungireni anthu awiri okha: bambo akhale ndi wake womuuza, mayi ndi wake.

6. Kauoneni mzinda muli awiri

Pitani nonse, mugone masiku angapo, pakhale tsiku la m'kati mwa sabata ndi Lamulungu. Onani nthawi imene anthu amachoka m'mawa ndi imene amabwerera, zilankhulo zimene zikumveka mumsewu, mipingo imene ilipo kale, mtunda wa kusukulu ndi kuchipatala. Nehemiya anakhala masiku 3 mu Yerusalemu, anayendera malinga usiku ndi anthu ochepa, asanauze akuluakulu chilichonse.

Nyumba ifuneni m'dera lomwelo limene mukufuna kutumikira, ngakhale ikhale yaing'ono. Musanalipire dipoziti, auzeni eni nyumba mosabisa kuti muzisonkhana ndi anthu pabalaza, ndipo akavomera zilembedwe m'pangano la lendi. Funsaninso kukhonsolo ya mzinda malamulo a misonkhano, phokoso ndi kalembera wa mipingo. Safunsa anadya phula. Mabanja ena amapatsidwa notisi mwezi wachiwiri chifukwa eni nyumba anadzidzimuka ndi nyimbo.

MASIKU A ULENDO

7. Siyani tsiku limodzi lopanda kulongeza

Ezara asananyamuke ndi anthu kupita ku Yerusalemu anamanga misasa masiku 3 pa mtsinje wa Ahava. Pamenepo ndi pamene anazindikira kuti palibe Alevi m'gulumo, n'kutuma anthu kukawaitana. Kenako analengeza kusala kudya, kupempha njira yabwino ya iwo, ana awo ndi katundu wawo yense (Ezara 8:15-23). Malizani kulongeza kutatsala masiku awiri, kuti tsiku lotsatira likhale la kupemphera, kuyang'ananso envulopu ya makalata, kubweza zimene munabwereka, ndi kupita kwa amene munayambana naye.

Chenjezo: mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, ana, ndi amene ali pa mankhwala monga a shuga asasale kudya; athe kupemphera nawo atadya. Woyendetsa galimoto asasale pa tsiku la ulendo.

Katoni imodzi ikhale yomaliza kukwezedwa kuti idzakhale yoyamba kutsitsidwa: kope, mapu, zofunda, tochi, mankhwala, ndi chidole chimene mwana wamng'ono sagona popanda icho.

MUTAFIKA

8. Mangani guwa la pakhomo usiku woyamba

Musadikire kuti m'nyumba mulongosoke. Makatoni ali mbwee choncho, imani pamodzi, muwerenge Salimo 121 kapena 127, muimbe nyimbo imodzi imene ana amaidziwa, aliyense athokoze chinthu chimodzi. Mphindi 10 zakwana. Anthu otopa safuna ulaliki.

Apa ndi pamene mabanja ambiri amagwera, choncho ndichedwapo. Nthawi imene munkapemphera kumene mwachokera mwina sigwira ntchito mumzinda. Ana akunyamuka kusanache, wina akufika kutada chifukwa cha mzere wa magalimoto, ndipo "tipemphera tikamasuka" amasanduka mwezi wathunthu. Sabata yoyamba ingoyang'anani mmene tsiku likuyendera, mupeze mphindi 15 zimene aliyense amakhala pakhomo ali maso. Zilembeni pakalendala ngati nthawi ya sukulu. Kwa ambiri ndi mukangomaliza chakudya chamadzulo, mbale zisanachoke patebulo, chifukwa munthu akadzukapo kumubweza n'kovuta.

Dongosolo likhale lomwelo tsiku lililonse kuti ana alizolowere: nyimbo imodzi, ndime imodzi, kutsegula kope, kenako aliyense apempherere chinthu chimodzi chimene chalembedwamo. Buku la Machitidwe lili ndi machaputala 28, ndiye mukamawerenga chimodzi patsiku mulimaliza m'masabata 4, ndipo ana adzamva nkhani za anthu ena amene analowa m'mizinda yachilendo osadziwa aliyense. Owerenga azisinthana. Mafoni akhale kuchipinda.

Pamwamba pa izi pali mapemphero ena awiri amene guwa la banja sililowa m'malo mwake. Loyamba ndi la inu awiri, ngakhale mphindi 5 musanagone. Lemba la 1 Petro 3:7 limachenjeza amuna kuti mmene akukhalira ndi akazi awo mutha kutsekereza mapemphero awo, ndiye ngati mwayambana masana, konzani zimenezo kaye. Lachiwiri ndi la inu nokha, abusa. Kukonza ulaliki kumanamiza: mumatha maola m'Baibulo mukufunira ena chakudya, n'kumaganiza kuti nanunso mwadya. Khalani ndi ndime yanuyanu imene simudzailalikira Lamulungu likubwerali.

Chenjezo: guwa lisasanduke bwalo la milandu. Bambo akamapemphera kuti "Ambuye chotsani mzimu wa ulesi mwa mwana uyu" mwanayo ali pompo, mawa lake sadzafuna kubwera. Mukadumpha masiku, ingoyambiraninso pamene munalekera. Musalipirire ndi mapemphero a usiku wonse.

9. Pemphererani mzinda ndi miyendo musanatsegule mapemphero a Lamulungu

Dzipatseni masabata 6 mpaka 8 musanalengeze chilichonse. Gawani dera lanu pa mapu m'zigawo zoti mutha kuyenda m'mphindi 30, ndipo muziyenda awiriawiri, nthawi zina ndi mwana mmodzi. Pempherani maso ali otsegula, mawu ali pansi, ngati anthu amene akungocheza. Mukadutsa pasukulu pemphererani aphunzitsi, pachipatala odwala ndi anamwino, pamsika ogulitsa, pa ofesi ya boma olamulira, monga 1 Timoteo 2:1-2 ikulangizira. Msewu umene mwayenda ulembeni mzere pa mapu.

Anthu a Yuda ali ku ukapolo ku Babulo, Yeremiya anawalembera kuti amange nyumba, alime minda, afunire mzindawo mtendere ndi kuupempherera, chifukwa mtendere wawo uli mu mtendere wa mzindawo (Yeremiya 29:5-7). Umenewo unali mzinda wa anthu amene anawagwira ukapolo. Wanuwo, mulimonse mmene ulili, mwapitako mwa kufuna kwanu.

Pa masabata amenewa phunzirani mayina. Cholinga chikhale maneba 10 amene mukuwadziwa dzina ndi chinthu chimodzi chimene chikuwavuta, ndipo mayinawo alowe m'kope. Wina akakuuzani vuto, funsani ngati angalole kuti mumupempherere. Akakana, lemekezani, mukamupempherere kwanu. Pakati pa anthu amenewa muziyang'ana amene Luka 10 amamutchula mwana wa mtendere, wokulandirani n'kukutsegulirani kwa anzake. Ku Filipi anali Lidiya, wogulitsa nsalu zofiirira wa ku Tiyatira, amene Paulo anamupeza pa malo opempherera m'mbali mwa mtsinje atakhala kale masiku angapo mumzindamo. Pomatha chaputala 16 cha Machitidwe, abale akukumana m'nyumba mwake.

Chenjezo: samalani mmene mukutchulira mzindawo pamaso pa ana. Mukamautchula Sodomu tsiku lililonse, ana aziopa maneba amene mwabwera kudzawakonda. Kuima pa geti ya munthu mukudzudzula ziwanda mokweza kumatseka khomo limenelo kwa zaka.

10. Kapatseni moni abusa amene mwawapeza

Apezeni kwawo, dzitchuleni, onetsani kalata ya mpingo wokutumani, funsani zimene aphunzira za deralo. Pa masabata amene simunatsegule, kapemphereni kumpingo wina monga banja. Nanunso mukufunika kudyetsedwa. Paulo ankapewa kumanga pa maziko a munthu wina (Aroma 15:20). Akabwera kwa inu membala wa mpingo woyandikana nawo, mufunseni chimene wachokera, ndipo muimbireni foni m'busa wake.

11. Yambirani pabalaza, koma ikani malire

Akula ndi Prisila ndi banja loti muliphunzire. Anachoka ku Roma pamene Klaudiyo analamula Ayuda kutuluka, anakhala ku Korinto, anapita ku Efeso, ndipo kalata ya kwa Aroma imawapezanso ku Roma. Pa 1 Akorinto 16:19 ndi pa Aroma 16:5 mpingo ukusonkhana m'nyumba mwawo. Yambani ndi tsiku limodzi pa sabata, kuwerenga Baibulo ndi kupemphera ndi anthu amene mwadziwana nawo poyenda paja. Akakhala 4, yambani ndi 4. Holo mudzaifune pabalaza pakadzaza masabata otsatizana.

Malire muwaike tsiku loyamba, chifukwa kuwaika pambuyo kumaoneka ngati kuthamangitsa anthu. Nthawi yoyamba ndi yomaliza idziwike. Zipinda zogona si za alendo. Tsiku limodzi pa sabata likhale la banja, foni ya utumiki izimitsidwe. Yesu mwini anatengera ophunzira ake padera kukapuma pamene obwera ndi opita anachuluka mpaka kusowa nthawi yodya (Maliko 6:31). Amayi busa asankhe okha gawo limene angathe. Kukhala mkazi wa abusa sikutanthauza kukhala wophika, woimbitsa, mphunzitsi wa ana ndi msungichuma nthawi imodzi. Mwana asasiyidwe yekha ndi munthu amene mwangomudziwa kumene, ngakhale akhale wopemphera chotani, ndipo uphungu wa munthu amene si mwamuna kapena mkazi mnzanu uzichitika wina ali pafupi.

Chopereka, ngakhale chichepe bwanji, chiziwerengedwa ndi anthu awiri osakhala a m'banja mwanu akangopezeka, chilembedwe m'buku lakelake, chisungidwe padera ndi ndalama za pakhomo. Paulo anayendetsa mphatso ya mipingo ndi abale osankhidwa ndi mipingoyo kuti wina asapeze pomunenera (2 Akorinto 8:18-21).

12. Konzekerani nyengo imene mayankho adzachedwe

Idzafika. Chisangalalo cha malo atsopano chikatha, mafoni ochokera kumene munachokera akachepa, munthu amene munkamuyesa mzati wa mpingo akasowa osatsanzika, pemphero limayamba kulemera pakamwa. Paulo anauza Akorinto kuti anafika kwa iwo ali wofooka, wamantha ndi wonjenjemera. Kumeneko ndi kumene Ambuye anamulankhula usiku kuti asaope, asakhale chete, chifukwa ali ndi anthu ambiri mumzindamo. Anakhalamo chaka ndi miyezi 6 (Machitidwe 18:9-11). Anthu ambiriwo anali asanaoneke pa usiku umenewo.

Nyengoyo ikafika, chitani zinthu zazing'ono zogwirika. Tsegulani kope kuyambira tsamba loyamba, muchonge zonse zimene zinayankhidwa, ndipo muchite zimenezi pamodzi ndi ana. Mawu anu akatha, bwerekani a Masalimo 13, 42 ndi 77, muwawerenge mokweza. Amalola munthu kufunsa Mulungu kuti "mpaka liti" popanda kuchoka pamaso pake. Imbirani foni m'busa wokulangizani muwauze zoona, osati za mu lipoti. Funani banja lina locheza nalo limene simuli abusa ake. Kusungulumwa musakupeputse: Paulo anapeza khomo lotseguka ku Trowa koma mtima sunakhazikike chifukwa Tito kunalibe, ndipo anachokako (2 Akorinto 2:12-13).

Miyezi 3 iliyonse khalani awiri mufunsane: tikupempherabe limodzi? Ana ali bwanji, mmodzimmodzi? Tili ndi ngongole? Pali amene wayamba kutsata Yesu kapena kukula chifukwa tili kuno? Mayankhowo ndiwo alowe mu lipoti la kumpingo wokutumani. Gwirizanani nawonso nthawi, monga zaka 2, yodzaunikira ntchito yonse pamodzi, kuti chiganizo chopitiriza kapena chobwerera chisadzapangidwe usiku umene mwakhumudwa.

Chenjezo: wina m'banjamo akatha masabata osagona bwino, osadya, osafuna kudzuka, kapena akayamba kulankhula zofuna kufa, mupemphererni ndipo mupite naye kuchipatala sabata yomweyo, akatchula zodzipha, tsiku lomwelo.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kugula zokuzira mawu musanakhale ndi anthu. Ndalama za miyezi 3 zija zimathera pa masipika ndi chikwangwani, kenako phokoso limakudanitsani ndi maneba amene mukanayamba nawo mpingo.

Kulemba malipoti okometsera. Anthu 6 amasanduka "khamu", chithunzi chimajambulidwa mopendeketsa kuti mipando yopanda anthu isaoneke. Opembedzera anu amayamba kuthokoza pa zinthu zimene kulibe, n'kusiya kupempherera zimene zilipodi. Ana anu amaona zonsezi, ndipo amaphunzira kuti bodza la utumiki si bodza.

Kupatsa udindo munthu woyamba kubwera. Chifukwa chosowa manja, wofika ndi mawu okoma ndi mbiri ya mipingo isanu imene "sinamumvetse" amakhala mkulu wampingo mwezi womwewo. Pa 1 Timoteo 5:22 pali chenjezo losafulumira kusanjika manja. Mupatseni mipando ayale kwa miyezi ingapo, muone.

Kudzaza kalendala ndi kusala kudya ndi mapemphero a usiku pamene ntchito yaima, m'malo mofunsa ngati nthawi ya misonkhano ikugwirizana ndi moyo wa anthu a m'deralo. Ngati ambiri amafika pakhomo 7 koloko madzulo, phunziro la Baibulo la 5 koloko lidzakhala la inu nokha, mungasale chotani.

Kugwiritsa ntchito ana ngati zitsanzo za mu ulaliki, kapena ngati antchito osafunsidwa. Nkhani ya mwana isakwere paguwa iye asanalole.

Kudziyerekeza ndi m'busa wina amene holo yake inadzaza m'chaka chimodzi. Simukudziwa kuti anthuwo anachokera kumpingo wa yani, kapena kuti kunyumba kwake kuli bwanji.

Kudula ubale ndi amene watopa n'kubwerera. Ngati munanyamuka ndi wothandiza, dziwani kuti mwina sadzapirira. Yohane Maliko anasiya Paulo ndi Barnaba ku Perga, ndipo nkhani yake inawalekanitsa awiriwo pokonza ulendo wotsatira. Koma pa 2 Timoteo 4:11 Paulo akupempha Timoteo kuti abwere ndi Maliko chifukwa ndi wothandiza pa utumiki. Wobwererayo muperekezeni bwino, mumulipirire ulendo ngati mungathe, ndipo mulembere mpingo wokutumani kalata yonena zabwino zimene anachita pa nthawi imene anali nanu.